Momwe Mungaphunzirire Kuliza Gitala ya Rock Potsatira Akatswiri Akale

Aliyense amene akufuna kuliza gitala monga ankalizira akatswiri a chamba cha rock pakati pa zaka za 1965 ndi 1980 ayenera kudziwa chinthu chimodzi asanagule chipangizo chilichonse: anthu amenewa anaphunzira ndi makutu. Mnyamata wa ku London kapena ku Birmingham ankagula chimbale cha woimba wa ku America, n'kumabweza singano ya galamafoni pamalo amodzimodzi kambirimbiri mpaka zala zake zitapeza mawu amene khutu lake linamva. Masiku ano nyimbo zonsezo zili pa foni, ndipo makanema ophunzitsa ndi osawerengeka, komabe ophunzira ambiri amaloweza poika zala osatha kumva ngati chimene akuliza chikukoma. Malangizo awa akutsatira njira ya akale aja, yoyamba ndi kumvetsera kenaka n'kubwera ku zala.

Yambani kumene iwo anayambira

Nyimbo za rock zinachokera ku blues, chamba cha anthu akuda a kumwera kwa dziko la America. Muddy Waters anachoka ku Mississippi n'kukakhala ku Chicago m'chaka cha 1943, ndipo kumeneko anayamba kuliza gitala yamagetsi kuti azimveka m'malo aphokoso. B.B. King anaonetsa kuti liwu limodzi, likanjenjemeretsedwa bwino ndi chala, likhoza kunena zambiri kuposa mawu makumi awiri othamanga. Chuck Berry anabweretsa kalizidwe kokhwatcha nsambo ziwiri nthawi imodzi, ndipo Sister Rosetta Tharpe, mayi amene ankaimba nyimbo zauzimu, anali akuliza kale gitala yamagetsi mwamphamvu amuna ambiri otchuka asanayambe. Achinyamata a ku Britain anatengera anthu amenewa mosabisa, moti gulu la The Rolling Stones linatenga dzina lake ku nyimbo ya Muddy Waters.

Choncho masabata oyambirira muwathere pomvetsera oimba amenewa, ndipo phunzirani kuwerenga kayendedwe ka blues ka magawo 12. Gawo lililonse lili ndi kugunda kunayi. Poliza mu kiyi ya A, magawo anayi oyamba amakhala pa A, awiri otsatira pa D, awiri ena mumabwerera pa A, kenaka gawo limodzi pa E, limodzi pa D, limodzi pa A, ndipo lotsiriza pa E kuti muyambirenso. Musathamangire kugwira gitala. Ikani nyimbo, ombani m'manja, muziwerenga mokweza, ndipo muyese kulosera pamene gulu lisinthire lisanasinthe. Tsiku limene mudzamve kusinthako kukubwera musanawerenge, mudzakhala mutapeza maziko a nyimbo zambiri za magulu a rock monga Cream, Led Zeppelin ndi AC/DC.

Ndi bwinonso kudziwa kuti kutengera kumeneku sikunali kwachilungamo nthawi zonse. Willie Dixon, mlembi wa nyimbo za blues wa ku Chicago, anasumira gulu la Led Zeppelin m'chaka cha 1985 chifukwa cha mawu a nyimbo yake amene anagwiritsidwa ntchito popanda kumutchula, ndipo nkhaniyo itathera kunja kwa khoti dzina lake linayamba kulembedwa pa nyimboyo. Wophunzira atengepo chizolowezi chotchula kumene watenga luso lake.

Dzanja lokhwatcha lisachite manyazi

Ophunzira ambiri amakopeka ndi solo, ija woliza lidi amatsala yekha n'kumalira ndi gitala, ndipo amaiwala kuti gawo lalikulu la nyimbo iliyonse ndi rizimu. Jimi Hendrix asanatchuke anagwira ntchito zaka zingapo ngati woliza kumbuyo m'magulu a oimba ena, kuphatikizapo Little Richard ndi The Isley Brothers, kumene munthu wophonya kugunda sakanakhalitsa. Mu gulu la AC/DC, limene linayamba ku Sydney m'chaka cha 1973, anthu amaona Angus Young akuthamangathamanga pa nsanja, koma amene ankagwira nyimbo kuti isagwedezeke anali mkulu wake Malcolm, ataima chakumbuyo pafupi ndi ng'oma.

Chunani gitala yanu mwa nthawi zonse, kuyambira pa nsambo yonenepa kwambiri kufika pa yowonda: E, A, D, G, B, E. Kenaka phunzirani chimene oimba amachitcha power chord (chord ndi mawu angapo olizidwa nthawi imodzi). Ikani chala chamkombaphala pa fret 5 ya nsambo yonenepa (ma fret ndi timizere tachitsulo topingasa pa khosi la gitala, towerengedwa kuchokera kumutu kwake), chala chovala mphete pa fret 7 ya nsambo yotsatira, ndipo mukhwatche nsambo ziwiri zokhazo. Zina zonse zikhale chete, zitagonedwa pang'ono ndi mimba ya chala chamkombaphala chija. Mukatha kutero, sunthani dzanja lonse osasintha kaikidwe ka zala, kupita pa fret 3, kubwerera pa 5, kukwera pa 8. Onjezani kugoneka m'mphepete mwa chikhatho cha dzanja lokhwatcha pa nsambo, pafupi penipeni ndi pamene zamangiriridwa, kuti mawu azituluka ofupika ndi olemera. Mukachigoneka patsogolo kwambiri mawu amafa, mukachibweza kwambiri amangolira osadulidwa, ndipo malo oyenera muwapeza ndi khutu.

Zonsezi muzichita ndi metronome, chipangizo chogunda mofanana chosungira nthawi, chimene mungachipeze chaulere pa foni. Yambani pa kugunda 60 pa mphindi imodzi, ngakhale kuoneke kochedwa mogwetsa ulesi, ndipo musakweze liwiro mpaka mutatha kuliza mphindi ziwiri zathunthu osatsogola ndiponso osatsalira.

Mukafuna kumva momwe mawu ochepa angamangire nyimbo yonse, mvetserani chiyambi cha "Smoke on the Water" ya Deep Purple, ya m'chimbale cha Machine Head cha 1972. Pafupifupi wophunzira aliyense amayamba nayo, koma ambiri amailiza molakwika pa nsambo imodzi kapena ndi power chord wamba. Ritchie Blackmore, woliza gitala wa gululo, ankakoka nsambo ziwiri zoyandikana nthawi imodzi, ndipo ankasiya kampata kachete pakati pa mawuwo. Kampata kameneko ndiko kamapatsa nyimboyo ulemu wake.

Mawu asanu, ndi zimene chala chimachita nawo

Mbali yaikulu ya masolo a nthawi imeneyi inamangidwa pa sikelo ya mawu asanu yotchedwa minor pentatonic. Mu kiyi ya A imagona motere, kuyambira pa nsambo yonenepa: fret 5 ndi 8, pa nsambo zitatu zotsatira fret 5 ndi 7, ndipo pa nsambo ziwiri zowonda fret 5 ndi 8. Munthu akhoza kuiloweza madzulo amodzi. Chimene chimatenga zaka ndi kuipangitsa kuti iyankhule, ndipo apa ndi pamene ndikupemphani kuti mukhalitse, chifukwa kusiyana kwa katswiri ndi wongoyesera kumaonekera pa zinthu ziwiri zokha: kukankha nsambo ndi kunjenjemeretsa liwu.

Kukankha nsambo kumachitika motere. Lizani fret 9 pa nsambo yachitatu kuchokera pansi, ija ya G, ndipo musunge liwulo m'mutu. Tsopano ikani chala chovala mphete pa fret 7 ya nsambo yomweyo, chala chapakati ndi chamkombaphala zikhale kumbuyo kwake pa nsambo yomweyo kuti zithandize, chala chachikulu chikolowekedwe pamwamba pa khosi la gitala. Khwatchani, kenaka kankhirani nsamboyo m'mwamba mpaka liwu lifanane ndendende ndi lija la fret 9. Mphamvu isachokere m'zala zokha, ichokere pa kupotoza dzanja lonse kuyambira pa mkono, monga mmene mumapotozera kiyi pa loko wolimba. Mukalekeza panjira liwu limamveka losapsa, mukapitirira limapweteka m'makutu, ndipo womvera ngakhale wosadziwa nyimbo amazindikira msanga kuti china chalakwika. Bwerezani zimenezi tsiku lililonse, nthawi zonse mukuyamba ndi kuliza liwu limene mukufuna kufikapo.

Mphunzitsi wabwino wa luso limeneli ndi David Gilmour wa Pink Floyd. Mukamvetsera zimbale za The Dark Side of the Moon ya 1973 ndi The Wall ya 1979 mupeza kuti iye sathamanga kawirikawiri. Amakankha nsambo n'kufika pa liwu lenileni, amaligwira pamenepo, nthawi zina n'kulikwezanso pang'ono asanalitsitse, ndipo amapuma ngati woimba ndi pakamwa. Ine ndimaona kuti wophunzira amapindula kwambiri akatha mwezi wathunthu pa solo imodzi ya Gilmour kusiyana ndi kuthamangitsa masolo khumi a anthu aliwiro, chifukwa pa liwiro lochepa palibe pobisala.

Kunjenjemeretsa liwu ndi kukankha nsambo pang'ono n'kuibweza mobwerezabwereza, mofanana komanso motsatira kugunda kwa nyimbo. Aliyense wa akatswiriwa anali ndi kanjenjemeretsedwe kakekake, moti munthu wozolowera amazindikira B.B. King, Eric Clapton kapena Carlos Santana atangomva liwu limodzi. La King ndi lofulumira ndi lopepuka, la Clapton ndi lodekha ndi lotambasuka, pamene Santana amakonda kuligwira liwu kwa nthawi yaitali lisanayambe kugwedezeka. Yesani kutengera mitundu itatu yonseyi. Lanu lidzabadwa pakati pa kuyesako popanda kulikakamiza.

Nsonga za zala zidzapweteka masabata oyambirira, mwinanso kutuluka matuza. Ndi bwino kuliza mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse kusiyana ndi maola anayi Loweruka lokha, popeza khungu limalimba pang'onopang'ono. Ululu wa m'mfundo za dzanja kapena wa pa mkono ndi wosiyana ndi umenewu, ndipo ukabwera muyenera kupumula.

Kutola nyimbo ndi khutu

Sankhani kachigawo kakafupi, ka masekondi asanu kapena khumi basi. Kamvereni kangapo gitala ili pansi, kenaka kaimbeni ndi pakamwa mpaka mutatha kukaimba nyimbo itazimitsidwa. Mukalephera kukaimba ndiye kuti simunakamve, ndipo zala sizingapeze chimene mutu ulibe. Pambuyo pake funani liwu loyamba pa gitala, kenaka lachiwiri, osadumpha. Pa YouTube mukhoza kuchepetsa liwiro kufika pa 0.75 kapena 0.5 mawu osasintha kukwera kwake, mwayi umene anyamata a galamafoni aja analibe. Mukamaliza ndi pamene mungayang'ane kanema wophunzitsa kuti muone ngati munalondola.

Nthawi zina mudzapeza kuti mawu onse a m'chimbale akugwera pakati pa ma fret anu kapena pamalo ovuta kufikapo. Kawirikawiri chifukwa chake ndi kachunidwe. Hendrix ankakonda kutsitsa nsambo zonse ndi fret imodzi. Keith Richards wa The Rolling Stones, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ankachuna gitala yake kuti ikakhwatchidwa popanda kugwira paliponse izitulutsa chord ya G, ndipo ankachotseratu nsambo yonenepa n'kutsala ndi zisanu: G, D, G, B, D. Mukayesa nyimbo zake za nthawi imeneyo ndi kachunidwe ka nthawi zonse mudzavutika pachabe, koma mukachuna monga iye, chala chimodzi chogona modutsa nsambo zonse chimakupatsani chord yathunthu, ndipo zala ziwiri zowonjezera zimatulutsa kamvekedwe kake kodziwika kaja.

Hendrix muyambe kumutola mutalimba kale pa zonse tafotokozazi. Anabadwira ku Seattle m'chaka cha 1942, anafika ku London mu September 1966 atatengedwa ndi Chas Chandler, amene kale ankaliza besi m'gulu la The Animals, ndipo anamwalira ku London komweko pa 18 September 1970 ali ndi zaka 27. Pa zaka zochepazo anatulutsa ndi gulu lake la The Jimi Hendrix Experience zimbale zitatu zojambulidwa mu situdiyo, ziwiri mu 1967 ndi chimodzi mu 1968. Anali wamanzere, ndipo ankaliza Fender Stratocaster ya anthu amanja atangoitembenuza n'kusintha dongosolo la nsambo. Anthu amakumbukira kuti anayatsa gitala moto ku Monterey mu 1967 ndiponso kuti ankaliza ndi mano, koma chuma chenicheni cha wophunzira chili m'nyimbo zake zofatsa. M'menemo chala chachikulu chimagwira nsambo yonenepa kuchokera pamwamba pa khosi la gitala, n'kusiya zala zinayi zomasuka kuti zizikongoletsa chord ndi timawu ting'onoting'ono, kotero kuti rizimu ndi lidi zimamveka nthawi imodzi kuchokera kwa munthu mmodzi. Yambani ndi kuyesa kugwira chord ya G motero, chala chachikulu chili pa fret 3, ndipo muzidzutsa ndi kugwetsa chala chaching'ono pa nsambo zowonda chord isanazime.

Mverani gulu lonse, osati gitala yokha. Jimmy Page anali atagwira kale ntchito yoliza m'masitudiyo a ku London ndiponso m'gulu la The Yardbirds, limene Eric Clapton ndi Jeff Beck anadutsamonso, asanayambitse Led Zeppelin mu 1968. Komabe mphamvu ya gululo inali pa mgwirizano wa gitala yake ndi ng'oma za John Bonham komanso besi ya John Paul Jones. Bonham atamwalira mu 1980, anzakewo anasankha kuthetsa gululo m'malo mofuna womulowa m'malo. Pomvetsera nyimbo zawo, tsatirani ng'oma zokha ulendo woyamba, besi yokha ulendo wachiwiri, ndipo gitala ibwere pomalizira.

Za zipangizo

Magitala amene anatchuka m'nthawiyi ndi akale kuposa rock yeniyeniyo: Gibson Les Paul inatuluka mu 1952, Fender Stratocaster mu 1954, ndipo Jim Marshall anayamba kupanga maamplifaya ake ku London mu 1962. Clapton ataphatikiza Les Paul ndi amplifaya ya Marshall yokwezedwa kwambiri pa chimbale chimene anajambula ndi John Mayall mu 1966, anapereka kamvekedwe konenepa kamene ambiri anakatsatira. Koma musaganize kuti popanda mayina amenewa simungayambe. Brian May wa gulu la Queen anapanga yekha gitala yake pamodzi ndi bambo ake kuyambira mu 1963, khosi lake analisema kuchokera ku thabwa lakale la pa malo owothera moto m'nyumba, ndipo wakhala akuikhwatcha ndi kandalama kachitsulo m'malo mwa pick, kapulasitiki kokhwatchira nsambo. Tony Iommi wa Black Sabbath anaduka nsonga za zala ziwiri za dzanja logwira nsambo pa ngozi ya m'fakitale ku Birmingham ali ndi zaka 17. Anadzipangira tizisoti ta zala kuchokera ku pulasitiki wosungunula, anayamba kugwiritsa ntchito nsambo zowonda, ndipo pofika pa chimbale cha Master of Reality cha 1971 anali atatsitsa kachunidwe ka gitala kuti nsambo zifewe. Kulemera kwa mawu kumene kunatuluka pamenepo kunakhala maziko a chamba cha heavy metal. Mark Knopfler wa Dire Straits sagwiritsa ntchito pick kawirikawiri, amangokoka nsambo ndi zala.

Pogula gitala, makamaka yogwiritsidwa kale ntchito, yang'anani zinthu zitatu kuposa dzina lolembedwa kumutu kwake. Khosi likhale lowongoka mukaliyang'ana kuchokera kumutu kutsikira ku thupi. Nsambo zisatalikirane kwambiri ndi ma fret, chifukwa zikakwera zimalemetsa zala ndipo kukankha kumakhala chintchito. Chachitatu, lizani nsambo iliyonse osaigwira kenaka muigwire pa fret 12: mawu awiriwo ayenera kukhala amodzi, lachiwirilo lokwera chabe. Ngati muli ndi gitala yosalumikiza ku magetsi, rizimu, sikelo ndi kutola nyimbo zonse zimatheka, ingoikani nsambo zowonda kuti kukankha kusakupwetekeni. Mukapeza amplifaya, pewani kukweza distortion, ija imasasitsa mawu a gitala, mpaka kumapeto, popeza imabisa zolakwika, ndipo zimbale zakale zija mukazimvetsera bwino mupeza kuti mawu ake ndi oyera kuposa mmene anthu amaganizira. Samalaninso makutu anu. Pete Townshend wa The Who ndi Eric Clapton onse ananenapo poyera za vuto la kumva limene linadza ndi zaka za phokoso.

Mverani momwe ena anachisandutsira chawo

Pamene mwayamba kutola nyimbo bwinobwino, funani zimbale za Zamrock, chamba chimene chinaphuka ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, makamaka m'matauni a migodi ya kopa ndi mu Lusaka. Magulu monga WITCH, imene woimba wake wotsogolera anali Jagari Chanda, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anamvetsera Hendrix, Black Sabbath ndi The Rolling Stones, anatenga gitala yaukali ija, n'kuiika pa kagundidwe ka kwawo. Paul Ngozi ankaimba nyimbo zina m'Chinyanja, zokamba za moyo wa m'makomboni. Kwa wophunzira wolankhula chinenero chathu zimbale zimenezi ndi phunziro lapafupi, chifukwa zimaonetsa pamene mawu a chinenerochi amagwera bwino pa rizimu ya rock ndi pamene gitala iyenera kupatuka kuti mawuwo amveke.

Yesani nanunso motere. Jambulani pa foni rizimu yanu ya magawo 12 mu kiyi ya A, muibwereze katatu kapena kanayi. Poiseweranso, lankhulani chiganizo chachifupi cha Chichewa motsatira kugundako, kenaka muchiyankhe ndi gitala pogwiritsa ntchito mawu atatu kapena anayi okha a mu sikelo ija, mukutsata kukwera ndi kutsika kwa chiganizocho. Siyani gawo lathunthu lachete musanayankhenso. Jambulaninso zimenezo, ndipo mudzazimvetsere mawa lake osati nthawi yomweyo, mukufunafuna zinthu ziwiri: ngati pokankha nsambo munafika pa liwu lenileni, ndiponso ngati munalowa pa nthawi yake. Mukapeza mnzanu woliza ng'oma kapena besi, kaya wa kwaya ya kutchalitchi kaya wa bandi ya m'dera lanu, mupempheni kuti muziyeserera limodzi kamodzi pa sabata, ndipo tsiku loyamba mugwirizane kuti theka la nthawiyo inu muliza rizimu yokha.